Katemera wowonjezera wa COVID-19: chimasintha n'chiyani munthu akadwala?

Pa nkhani ya katemera wowonjezera, uja ambiri amangoti booster, funso limene silisowa ndi ili: "Uje anabayitsa katatu konse koma anadwalabe, ndiye phindu lake lili pati?" Ndi funso lanzeru, ndipo wolifunsa sayenera kuyankhidwa mwamwano. Mayankho otsatirawa atsamira kwambiri pa COVID-19 chifukwa mwa matenda onse ogwira mphuno, pakhosi ndi mapapo, palibe ena amene anatsatiridwa mosamala chotere, mwa anthu mamiliyoni obayitsa ndi osabayitsa. Za fuluwenza zilowa cha kumapeto.

Kodi wobayitsa katemera wowonjezera angathe kudwalabe?

Inde, ndipo ambiri anadwala. Mtundu wa kachilombo wa Omicron utadziwika ku Botswana ndi ku South Africa mu Novembala 2021, zinaoneka msanga kuti ukuzemba chitetezo chimene anthu anali nacho. Ku England anawerengetsa motere: amene anabayitsa Pfizer kawiri, pakatha miyezi 6, chitetezo choti asadwale n'komwe chinkakhala chitatsala pang'ono kutheratu. Akabayitsa kachitatu chinkakwera kufika pa 67 peresenti m'sabata zoyambirira, koma pofika sabata ya 10 chinali chitatsikanso kufika pa 46 peresenti. Kwa amene anayamba ndi AstraZeneca, majakisoni awiri okha sankaoneka kuti akutchinga Omicron pakatha miyezi 5.

Choncho amene anamva kuti akabayitsa ndiye kuti watsanzikana ndi COVID-19 anauzidwa zopitirira muyeso. Ntchito yeniyeni ya katemerayu imaonekera pa mmene matenda ayendera atakugwirani: akutengerani masiku angati, athera pakhosi kapena atsikira m'mapapo, mugona pakhomo kapena ku wodi muli ndi kapaipi ka mpweya m'mphuno.

Nanga matendawa amayenda bwanji m'thupi, ndipo katemera amalowerera pati?

COVID-19 yoopsa imabwera pawiri. M'sabata yoyamba kachilombo kamaswana m'mphuno ndi pakhosi. Munthu amatentha thupi, mutu umamuwawa, amaphwanya m'thupi, amatsokomola. Ambiri zimathera pomwepo. Koma kwa ena, cha pa tsiku la 7 mpaka la 10, pamene akuganiza kuti ayamba kupeza bwino, zinthu zimatembenuka. Kachilombo kamakhala katafika m'mapapo, thupi n'kuyamba kulimbana nako mwaukali komanso mosalongosoka, timatumba ta mpweya n'kutupa ndi kudzaza madzi. Apa m'pamene munthu amabanika. Chimene chimapha pa gawo lachiwirili nthawi zambiri ndi kutupa kumene thupi lenilenilo layambitsa, n'chifukwa chake mankhwala a dexamethasone, amene amaziziritsa chitetezo cha m'thupi, anapezeka mu 2020 kuti amapulumutsa odwala amene ali pa okosijeni koma sathandiza amene angoyamba kumene kudwala.

A Malawi gawo lachiwirili analiona ndi maso mu Januwale 2021, katemera asanafike. Okosijeni ankaperewera m'zipatala, bwalo la masewera la Bingu ku Lilongwe linasanduka chipatala, ndipo nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi pa 12 Januwale.

Thupi limene silinakumanepo ndi kachilomboka limatenga sabata imodzi kapena ziwiri kuti lipange asilikali okazindikira bwino. Nthawi yonseyo kachilombo kamakhala kakuswana popanda wokaletsa kwenikweni. Thupi limene linaphunzitsidwa ndi katemera, n'kukumbutsidwanso ndi wowonjezera, limadzuka m'masiku ochepa chabe. Zili ngati moto wogwira denga la udzu: katemera saletsa kuti mbaliwali igwere padenga, koma amachititsa kuti a madzi afike moto udakali pakona imodzi. Masiku ochepa amene apulumutsidwawo ndi amene amalekanitsa chimfine chovuta ndi chibayo.

Jakisoni wachitatu amachita chiyani chimene awiri oyamba sanachite?

Amachita zingapo. Chodziwika kwambiri n'chakuti amakwezanso ma antibody m'magazi. Awa ndi mapuloteni amene amamatirira pa timinga ta kachilombo kuti kasalowe m'maselo. Pambuyo pa katemera aliyense amachuluka kwa sabata zingapo kenako n'kumatsika mwezi ndi mwezi. Umu ndi mmene thupi limagwirira ntchito, si kuti katemerayo ndi wachabe. Magazi akanamasunga ma antibody ochuluka a matenda onse amene munthu wakumana nawo chibadwire, bwenzi atalemera moti mtima sukanatha kuwapopa.

Chachiwiri sichitchulidwa kawirikawiri koma n'chachikulu. Munthu akabayitsa, maselo otchedwa B amapita m'timatumba ta m'khwapa, tija timatupa n'kumatchedwa mwanabere, ndipo kumeneko amakhala miyezi akusintha pang'onopang'ono. Amene akugwira bwino kachilombo amasungidwa, ogwira mofooka amatayidwa. Jakisoni wachitatu akabwera patapita miyezi, amadzutsa maselo osankhidwawo, ndipo ma antibody amene amapanga amagwira mwamphamvu komanso amazindikira mitundu yambiri ya kachilombo. Izi ndiye zinadabwitsa anthu kumapeto kwa 2021. Omicron inali itasintha m'malo oposa 30 pa timinga take, katemera analinso yemwe uja wopangidwa potengera kachilombo koyambirira ka ku Wuhan ku China, komabe magazi a anthu obayitsa katatu ankatha kuifooketsa m'malabotale pamene a obayitsa kawiri ankalephera.

Chachitatu ndi maselo a T, amene amasaka ndi kupha maselo a m'thupi amene kachilombo kalowamo kale. Awa saletsa kudwala, koma amafupikitsa matenda. Amazindikira kachilombo pa tizigawo tambirimbiri, motero kusintha kwa mtundu sikuwasokoneza kwambiri.

N'chifukwa chiyani satchinga kachilombo m'mphuno momwemo?

Jakisoni amabayidwa paphewa, ndipo ma antibody amene amatuluka amayenda m'magazi. M'mapapo amafikamo bwino chifukwa magazi ndi mpweya zimayandikana kwambiri mmenemo. M'mamina a m'mphuno amafikamo ochepa. Mphuno ili ndi mtundu wakewake wa ma antibody, wotchedwa IgA, umene jakisoni wapaphewa saudzutsa kwambiri.

Palinso nkhani ya liwiro. Omicron imadwalitsa pakangotha masiku 3 chilowereni, nthawi yomwe chitetezo chokumbukira chikungodzambatuka kumene. Chikuku chimatenga masiku 10 kapena kuposa, ndipo kachilombo kake kayenera kuyendera m'magazi kaye, kumene ma antibody akukadikirira. Komanso sikasintha maonekedwe. N'chifukwa chake majakisoni awiri a chikuku, wa pa miyezi 9 ndi wa pa miyezi 15, amateteza mwana kwa zaka zambirimbiri pamene a COVID-19 satero. Kuyerekeza akatemera awiriwa n'kulakwira wa COVID-19, chifukwa vuto lili pa khalidwe la kachilomboko. India ndi China anavomereza katemera wothira m'mphuno ndi wopumira m'kamwa mu 2022 pofuna kutseka mpata umenewu, koma amene afala padziko ndi obaya omwewa.

Kodi masiku odwala amachepadi?

Amachepa. Ku Britain anthu ambiri ankalemba zizindikiro zawo tsiku ndi tsiku pa pulogalamu ya pafoni yotchedwa ZOE, ndipo ofufuza a ku King's College London anaziwerengetsa. Pa nthawi ya Omicron, obayitsa kawiri ankadwala masiku pafupifupi 8, pamene obayitsa katatu ankadwala masiku 4 ndi theka. Pa nthawi ya Delta, mtundu umene unalipo Omicron isanabwere, kusiyanako kunalipo koma kunali kochepa, masiku osakwana 10 kwa obayitsa kawiri ndi osakwana 8 kwa obayitsa katatu. Amenewa ndi masiku apakatikati a anthu ambiri. Wina achira m'masiku awiri, wina agona sabata ziwiri. Koma kwa munthu wa geni kapena wa ganyu, amene akagona tsiku limodzi pakhomo sipapsa poto, masiku 4 si nkhani yaing'ono.

Umboni woti amachepetsa kugonekedwa m'chipatala ndi imfa uli kuti?

Dziko loyamba kubaya anthu ambiri kachitatu linali Israel, kuyambira pa 30 Julayi 2021, kwa anthu a zaka 60 kupita m'tsogolo amene anali atatha miyezi 5 chibayireni kachiwiri. Atatsatira anthu oposa 1 miliyoni, anapeza kuti kudwala mwakayakaya kunali kochepa pafupifupi ka 20 mwa obayitsa kachitatu poyerekeza ndi anzawo amene anali atabayitsa kawiri kokha. Imeneyo inali nthawi ya Delta, komanso anawerengera m'sabata zoyambirira pamene chitetezo chili pachimake, choncho chiwerengerochi ndi chapamwamba kuposa chimene munthu angayembekezere chaka chonse.

Pafupi ndi kwathu kuno, umboni unachokera ku South Africa. Kafukufuku wa Sisonke, wotsogoleredwa ndi Pulofesa Glenda Gray, anabaya ogwira ntchito zachipatala pafupifupi 500,000 katemera wa Johnson & Johnson kuyambira mu Febuluwale 2021. Omicron ikubwera, pafupifupi theka la iwo anapatsidwa jakisoni wachiwiri. Zotsatira zoyamba zinati wowonjezerayo anateteza ku kugonekedwa ndi 85 peresenti, ndipo kuwerengetsa kwapambuyo pake kunatsitsa chiwerengerocho kufika pa 72 peresenti. Ziwerengero zonse ziwiri zikunena chinthu chimodzi, ndipo n'zofunika kwa ife chifukwa katemera ameneyu ndi amene a Malawi ambiri analandira.

Maperesenti amenewa amasokoneza anthu, ndiye tiwamasulire. Kunena kuti 72 peresenti sikutanthauza kuti pa obayitsa 100 alionse, 28 agonekedwa. Tanthauzo lake ndi ili: mukatenga magulu awiri ofanana kukula ndi msinkhu, lina lobayitsa lina losabayitsa, ndipo mwa osabayitsa mwagonekedwa anthu 100, mwa obayitsa mugonekedwa 28. Anthu 28 amenewo alipo ndithu, ali ndi mayina ndi abale, ndipo ndi amene nkhani zawo zimamveka pamaliro ndi m'minibasi. Anthu 72 amene sanagonekedwe sadziwika, iwo eni sadziwanso kuti anapulumuka.

Si kuti Omicron inangokhala yofooka payokha, katemera n'kutengerapo ulemu?

Mbali ina n'zoona. Omicron imaswana kwambiri m'njira ya mpweya ya kumtunda kusiyana ndi m'mapapo, ndipo poyerekeza ndi Delta inkagoneka anthu ochepa. Koma amene amati inali chimfine wamba aone zimene zinachitika ku Hong Kong kumayambiriro kwa 2022. Mzindawu unali utatseka malire kwa zaka ziwiri, motero anthu ochepa kwambiri ndi amene anali atadwalapo, ndipo nkhalamba zambiri zinali zisanabayitse. Omicron italowa, m'miyezi yochepa munafa anthu oposa 9,000 mumzinda wa anthu pafupifupi 7.4 miliyoni, ambiri a iwo okalamba. Ofufuza a ku yunivesite ya Hong Kong anapeza kuti mwa anthu a zaka 60 kupita m'tsogolo, majakisoni awiri a Sinovac ankateteza ku matenda aakulu ndi imfa ndi pafupifupi 70 peresenti, awiri a Pfizer pafupifupi 89 peresenti, koma atatu a katemera aliyense mwa awiriwa ankafika pa 98 peresenti. Kachilombo kanali kamodzi, mzinda umodzi, mwezi womwewo. Kumene Omicron inaoneka yofatsa, inapeza anthu ali kale ndi chitetezo.

Ndikabayitsa kenako n'kudwala, ndingapatsirebe a pakhomo panga?

Mungathe. M'masiku oyambirira, kuchuluka kwa kachilombo m'mphuno mwa wobayitsa ndi mwa wosabayitsa sikusiyana kwambiri. Kusiyana kumabwera pa kutsika kwake. Osewera ndi ogwira ntchito a mpikisano wa basketball wa NBA ku America ankayezedwa pafupipafupi, ndipo zinaoneka kuti obayitsa ankachotsa kachilombo m'masiku 5 ndi theka pamene osabayitsa ankatenga 7 ndi theka. Ku Geneva anayeza kachilombo kamoyo, kotha kupatsira wina, osati zidutswa chabe, ndipo pa Omicron anapeza kuti kankachepa mwa obayitsa katatu okha. Majakisoni awiri sankasintha kanthu. Ndiye nthawi yopatsirana imafupika, koma siitha. Ngati pakhomo pali agogo kapena wodwala shuga, mukayamba chifuwa gonani padera ngati malo alipo, tsegulani mawindo, valani masiki polankhula nawo.

Ndinamva zizindikiro koma kachipangizo koyezera kanati ndilibe, patatha masiku awiri kanati ndili nako. Zimatheka bwanji?

Izi zinachuluka anthu atabayitsa. Kutentha thupi, zilonda zapakhosi ndi mamina si ntchito ya kachilombo kokha, ndi chizindikiro chakuti thupi layamba nkhondo. Thupi lokonzeka limayamba nkhondoyo msanga, kachilombo kasanachuluke mokwanira kuti kaoneke pa kachipangizo. Choncho kumva zizindikiro mofulumira si umboni woti katemera walephera. Mukayeza tsiku loyamba n'kupeza kuti mulibe, musathamangire kukacheza ndi odwala. Yezaninso pakatha masiku awiri.

Chitetezo chake chimatenga nthawi yaitali bwanji?

Pali zitetezo ziwiri ndipo sizitha pamodzi. Choteteza kuti musadwale n'komwe chimayamba kutsika pakatha miyezi 2 kapena 3, ndipo pofika miyezi 6 chimakhala chochepa. Choteteza ku matenda aakulu chimatsika pang'onopang'ono, chifukwa chimadalira maselo okumbukira aja. Mwa munthu wachinyamata wathanzi chimakhalitsa. Mwa okalamba ndi amene chitetezo chawo n'chofooka chimatsika msanga, n'chifukwa chake iwowa ndi amene amauzidwa kubwereza. Jakisoni amafuna sabata imodzi kapena ziwiri kuti agwire, ndiye kubayitsa lero chifukwa mnzanu wa ku ntchito wadwala dzulo sikukutetezani pa ulendo umenewo.

Ndinadwalapo kale COVID-19. Kodi kudwalako si katemera wokwanira?

Kudwala kumasiyadi chitetezo, ndipo kumadzutsa ngakhale cha m'mphuno chija chimene jakisoni sachifikira bwino. Ku Malawi anthu amene anakumana ndi kachilomboka ndi ochuluka kwambiri kuposa amene analembedwa m'mabuku. Ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre anayeza magazi a anthu opereka magazi ku Malawi Blood Transfusion Service, ndipo anapeza kuti okhala ndi ma antibody anakwera kuchoka pa 18 peresenti mu Okutobala 2020 kufika pa 65 peresenti mu Meyi 2021, nthawi imene obayitsa anali ochepa zedi. Ambiri a iwo sanadziwe n'komwe kuti anadwala.

Kafukufuku wa m'mayiko ambiri anasonyeza kuti chitetezo cholimba komanso chokhalitsa kuposa zonse chili mwa anthu amene anadwalapo ndiponso anabayitsa. Choncho kudwalapo kale si chifukwa chokanira jakisoni ngati muli m'gulu la anthu amene matendawa angawavute. Koma kufuna dala kudwala kuti mupeze chitetezo n'kulipira mtengo umene mumafuna kuupewa. Amene wangochira kumene angadikire miyezi ingapo asanabayitse, chifukwa kudwalako kwadzutsa kale chitetezo, ndipo jakisoni amagwira bwino pakakhala mpata.

Ndani amene akufunikiradi katemera wowonjezera masiku ano?

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti COVID-19 siilinso mliri wadzidzidzi wa dziko lonse, koma kachilomboka sikanapite. Chaka chomwecho bungweli linagawa anthu m'magulu. Oyamba kuganiziridwa ndi okalamba, odwala matenda okhalitsa monga shuga ndi a mtima, onenepa kwambiri, amene chitetezo chawo n'chofooka, amayi oyembekezera, ndi ogwira ntchito zachipatala. Kwa ambiri a amenewa linati abwereze pakatha miyezi 6 mpaka 12, malinga ndi msinkhu ndi matenda awo, ndipo amayi abayitse kamodzi pa mimba iliyonse. Achikulire athanzi osakwana zaka 50 kapena 60, pamodzi ndi ana athanzi, silinawalimbikitse kumabwereza chaka ndi chaka.

Kugawa kumeneku n'kwanzeru, ndipo kukananenedwa momveka kuyambira pachiyambi bwenzi kukayikira kuli kochepa. Mnyamata wa zaka 25 wathanzi, amene anabayitsa komanso anadwalapo, jakisoni wina amuwonjezera pang'ono. Agogo a zaka 75 odwala BP ndi shuga jakisoni womwewo ukhoza kuwasungira moyo. Kuwauza onse awiri mawu ofanana n'kumene kunachititsa kuti mnyamata uja, ataona kuti sizikumukhudza, akalankhulenso agogo ake kuti asapite.

Za HIV zifunika kuzitchula padera, poti ku Malawi kuli anthu pafupifupi 1 miliyoni amene ali ndi kachilomboka. Kafukufuku wa ku Western Cape mu 2020 anapeza kuti HIV inkawirikiza kawiri chiopsezo chomwalira ndi COVID-19. Amene akumwa ma ARV mokhulupirika ndipo kachilombo sikakuoneka m'magazi amalandira katemera bwino ngati wina aliyense. Amene CD4 yawo ili pansi kwambiri thupi lawo limayankha mofooka, chitetezo chimatha msanga, ndipo akadwala COVID-19 kachilombo kake kamatha kukhala m'thupi kwa miyezi. Kwa iwowa jakisoni wowonjezera ndi wofunika, koma choyamba ndi ma ARV. Katemera sasokonezana ndi ma ARV kapena mankhwala a TB.

Ndinabayitsa Johnson & Johnson kamodzi, kapena AstraZeneca kawiri. Ndingabayitse mtundu wina?

Mungathe, ndipo nthawi zambiri kusakaniza kumathandiza. Kafukufuku wa COV-BOOST ku Britain anayesa akatemera 7 osiyanasiyana ngati jakisoni wachitatu mwa anthu pafupifupi 2,900 amene anayamba ndi AstraZeneca kapena Pfizer. Panalibe vuto lachilendo, ndipo amene anakweza ma antibody kwambiri anali a Pfizer ndi Moderna. Wa Johnson & Johnson ankatchedwa wobaya kamodzi, koma kumapeto kwa 2021 WHO inalangiza kuti pakhale wachiwiri pakatha miyezi 2 mpaka 6. AstraZeneca anasiya kugulitsidwa mu 2024. Ngati papita zaka chibayireni, simuyambiranso pa chiyambi, thupi silinaiwale. Tengani khadi lanu mukafunse kuchipatala kapena kwa alangizi a zaumoyo kuti mtundu umene ulipo ndi uti.

Nanga zovuta zake?

Zofala ndi kuwawa kwa phewa, kutopa, mutu, kutentha thupi pang'ono, ndipo ena mwanabere m'khwapa la mbali yobayidwayo. Zimatha pa tsiku limodzi kapena awiri, ndipo Panado amakwanira. Amayi ena msambo umachedwa pang'ono, kawirikawiri osapitirira tsiku limodzi, kenako n'kubwerera mwakale.

Zoopsa zilipo ziwiri zodziwika, ndipo kuzibisa sikuthandiza. Akatemera a Pfizer ndi Moderna amatha kutupitsa mnofu wa mtima, makamaka mwa anyamata a zaka zosakwana 30, m'masiku ochepa pambuyo pa jakisoni, kawirikawiri wachiwiri. Zimachitika mwa apo ndi apo ndipo ambiri amachira, koma wachinyamata amene akumva kupweteka pachifuwa atabayitsa apite kuchipatala tsiku lomwelo. A AstraZeneca ndi Johnson & Johnson, mwa anthu ochepa kwambiri, anayambitsa kuundana kwa magazi kwa mtundu wachilendo, makamaka pa jakisoni woyamba. COVID-19 yeniyeniyo imatupitsanso mtima ndi kuundanitsa magazi.

Mphekesera zoti katemera amatseketsa kubereka zinafala kwambiri mu 2021, chaka chimene katemera 360,000 woyamba anafika kudzera mu COVAX, ndondomeko yogawira mayiko katemera, ndipo Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera anabayitsa pagulu ku Zomba pa 11 Malichi. Mu Meyi boma linawotcha katemera 19,610 amene anatha mphamvu, poyera, kuti anthu aone kuti sabayidwa wakutha. Chiyambireni nthawi imeneyo amayi mamiliyoni obayitsa atenga pakati ndi kubereka, ndipo kafukufuku sanapeze kusiyana pa kutenga pakati kapena kupita padera.

Kubayitsa mobwerezabwereza sikufooketsa chitetezo cha m'thupi?

Ayi. Thupi limakumana ndi tizilombo tatsopano tsiku lililonse, m'chakudya, m'fumbi, m'mpweya; jakisoni mmodzi pa chaka salilemetsa. Amayi akhala akubayitsa wa kafumbata mpaka kasanu kwa zaka zambiri popanda vuto limeneli. Chimene chilipo n'chakuti thupi limakondera mtundu wa kachilombo umene linayamba kuudziwa, moti mukalipatsa wakale pamodzi ndi watsopano limalimbikira wakalewo. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene mu 2023 akatswiri a WHO analangizira kuti kachilombo ka ku Wuhan kachotsedwe mu katemera, apangidwe wa mtundu watsopano wa Omicron wotchedwa XBB wokha, ndipo mu 2024 anasinthiranso ku mtundu wina wotchedwa JN.1.

Kodi amathandiza pa zovuta zija zotsalira munthu atachira?

Ena akachira amakhala miyezi akutopa, akuchita befu akangoyenda pang'ono, akuiwalaiwala. Katemera amachepetsa mwayi wa zimenezi, ngakhale ofufuza amasiyana pa kukula kwake. Ku Sweden, atatsatira anthu oposa theka la miliyoni, anapeza kuti chiopsezo chinkatsika ndi 21 peresenti mwa obayitsa kamodzi, 59 mwa obayitsa kawiri, ndi 73 mwa obayitsa katatu kapena kuposa. Kafukufuku wa asilikali opuma ntchito ku America anapeza kutsika kochepa, pafupifupi 15 peresenti. Onse amaloza mbali imodzi. Katemera ndi wopewera. Si mankhwala ochizira amene ali kale ndi zovutazi.

Wa fuluwenza wobaya chaka chilichonse ndi chimodzimodzi?

Amafanana, koma chifukwa chachikulu chobwerezera wa fuluwenza n'chakuti kachilombo kake kamasintha chaka ndi chaka. WHO imasankha mitundu yoika mu katemera kawiri pa chaka: mu Febuluwale ya mayiko a kumpoto, mu Seputembala ya mayiko a kumwera monga South Africa, kumene amabaya nyengo yozizira isanayambe. Pa chaka chimene asankha bwino, amachepetsa kudwala ndi 40 mpaka 60 peresenti, ndipo obayitsa amene adwalabe sakonda kufika mwakayakaya. Wa fuluwenza sateteza ku COVID-19, wa COVID-19 satetezanso ku fuluwenza, ndipo onse awiri sateteza ku chimfine wamba cha mu Juni. Akhoza kubayidwa tsiku limodzi, wina phewa ili wina phewa ilo, monga amachitira ku Britain.

Ndinabayitsa, tsopano ndadwala. Ndipite liti kuchipatala?

Choyamba, kuno kwathu kutentha thupi kulikonse kumafuna kuyezetsa malungo, kaya munabayitsa kangati. Malungo ndi COVID-19 zimayamba mofanana, ndipo malungo sadikira. Chifuwa chopitirira sabata ziwiri, makamaka chophatikiza kutuluka thukuta usiku ndi kuwonda, chimafuna kuyezetsa makhololo kuti aone ngati si TB.

Ngati ndinu okalamba, oyembekezera, kapena muli ndi shuga, matenda a mtima, a impso, mphumu, kapena CD4 yotsika, kaonaneni ndi achipatala m'masiku oyambirira, musadikire kuti zivute. Odwala shuga ayeze shuga wawo pafupipafupi chifukwa matendawa amamukweza. Maantibayotiki ogula pagolosale sapha kachilomboka.

Kwa wina aliyense, izi n'zothamangira nazo kuchipatala usiku womwewo: kupuma movutikira kapena mofulumira muli chikhalire, kulephera kumaliza chiganizo osapumira, kupweteka kapena kulemera pachifuwa kosalekeza, kusokonezeka mutu kapena kuvuta kudzutsidwa, milomo kapena lilime kusintha mtundu, kulephera kumwa. Samalani kwambiri pakati pa tsiku la 5 ndi la 10. Odwala ena okosijeni amatsika m'magazi iwo osamva kubanika, ndiye ngati pakhomo kapena pa chipatala chapafupi pali kachipangizo kopanira pachala, yezani. Kakamawerenga 92 kapena kutsika apo mobwerezabwereza, wodwalayo akufunika kuonedwa ndi dokotala ngakhale akunena kuti ali bwino.